Nkhokwe ya pa Doko Imene Inasanduka Nyumba ya Zithunzi

CAPE TOWN. — Munthu wa ku Masiphumelele wofuna kufika pa doko la mzinda uno ayenera kulawirira. Ayamba wakwera minibasi kufikira ku Fish Hoek. Pamenepo akwera sitima ya pamtunda imene itsata gombe la nyanja kupyola Kalk Bay ndi Muizenberg isanakhotere kumtunda ku Wynberg, ndipo potsika mu mzinda umtsalirabe ulendo wina wa pansi kapena wa basi. Mtunda wonse uli ngati makilomita 40. Wopirira ulendowu aona pa dokopo chinyumba chachitali cha simenti, chotuwa ngati chulu m'chilimwe, chokhala ndi mazenera otukumuka pamwamba pake. Dzina lake ndi Zeitz Museum of Contemporary Art Africa, koma anthu angoti Zeitz MOCAA. M'menemo ndimo muonetsedwa nchito za amisiri a zithunzi ndi zosema a mu Afirika a masiku ano, pamodzi ndi za ana a Afirika obadwira kunja.

Masiphumelele, kumene eni ake angokutcha kuti Masi, ndi mudzi wothithikana umene uli pakati pa Fish Hoek, Noordhoek ndi Kommetjie. Poyamba unatchedwa Site 5, ndipo dzina la tsopanoli ndi la Chixhosa, ndiko kunena kuti tiyeni tipambane. Chiyambire kalembera wa 2011 anthu achulukamo kwambiri. Ambiri ndi Axhosa a ku Eastern Cape. Pakati pao pali Amalawi, Azimbabwe ndi Asomali. Amalawi ambiri a m'mudzimu apeza nchito m'minda ya maluwa, m'nyumba za eni chuma ndi m'malo odyera a m'mbali mwa nyanja.

Tsono nyumba ya zithunzi ija igulitsa kapepala kwa aliyense wofuna kukhala membala wake. Wokhala nako alowa tsiku lililonse limene zitseko zili zotsegula, chaka chathunthu, osalipiranso. Pamene nyumbayi inatsegulidwa pa 22 September 2017, kulowa tsiku limodzi kunali R180, koma mtengo wa chaka chonse sunafike pa mtengo wa masiku awiri. Mitengo yakwera kuchokera apo, monga yakwerera ya shuga ndi ya parafini. Komabe masamu ake sabvuta. Chobvuta ndi funso limene munthu wosenza wilibala tsiku lonse angafunse, ndipo sanalakwe kufunsa: kodi munthu akaona zithunzi kamodzi, abwereranji kukaona zomwezo?

INALI NKHOKWE YA CHIMANGA

Yankho loyamba lili pa nyumba yeniyeniyo, imene munthu sangaimalize kuiona pa ulendo umodzi. Mmalawi aliyense adziwa nkhokwe, ndipo chinyumba chimenechi chinali nkhokwe ndithu. Anamaliza kuchimanga mu 1924, ndipo msinkhu wake wa mamita 57 unaposa nyumba zonse za kumwera kwa chipululu cha Sahara kwa zaka zambiri. Sitima za pamtunda zinali kubwera ndi chimanga cha m'minda ya pakati pa dziko. Pano chinali kuyesedwa, kusankhidwa ndi kusungidwa, kufikira zombo zitadza kudzachitenga kupita nacho kutsidya la nyanja. Nchito imeneyi inatha mu 2001, ndipo nkhokweyo inakhala bwinja, mokhala nkhunda.

M'kati mwake munali mipope ikuluikulu ya simenti 42, yoimirira mothinana ngati nsungwi za m'mtolo, popanda malo oti anthu nkusonkhana. Mmisiri wa ku London, Bambo Thomas Heatherwick, atapatsidwa nchito yoikonza, anakana kuigwetsa. Anatenga maonekedwe a njere imodzi ya chimanga, nawakulitsa kufikira mamita 27, nalamula amisiri kuti adule simenti motsata maonekedwe amenewo, monga munthu akomba dzungu ndi kusiya chikungwa. Wolowa pa khomo adzidzimuka ali m'kati mwa njere ya chimanga yaikulu ngati tchalitchi, mipope yodulidwa ikulendewera pamwamba pa mutu wake, kuwala kukutsika kuchokera ku denga la magalasi. M'mipope ina aikamo zikepe, mwina makwerero ozungulira. Nchito yonse inadya R500 miliyoni, zimene analipira eni doko a V&A Waterfront, ndipo zithunzi zoyambira anabwereketsa ndi Bambo Jochen Zeitz wa ku Germany, amene kale anali mkulu wa kampani ya nsapato ya Puma.

Nyumbayi ili ndi nsanjika 9 ndi zipinda zoonetseramo zinthu zokwanira ngati 80. Apa ndipo pagona bvuto la munthu wa tikiti ya tsiku limodzi. Popeza walipira ndalama zambiri, afuna kuti aone zonse. Ayenda mothamanga ngati wofunafuna mbuzi yosokera, nafika pa chipinda cha makumi atatu miyendo italema ndi maso atachita chidima. Pobwerera ku Masi akumbukira chikepe ndi kutalika kwa denga, koma chithunzi nchimodzi chomwe sichikhala m'mutu mwake. Membala alibe liwiro lotere. Angathe kulowa, kukhala pa benchi patsogolo pa chithunzi chimodzi theka la ora, ndi kutuluka mtima uli m'malo, podziwa kuti zotsalazo adzaziona mwezi wamawa. Ndi pa ulendo wachitatu kapena wachinayi pamene munthu atsikira kunsi kwa nyumba, kumene kuli tinjira ta pansi pa nthaka ndi zitsulo zakale zimene chimanga chinali kudzeramo. Ndi pamenenso akwera pa denga naona kuti magalasi opondapo ali ndi zizindikiro zolembedwa ndi El Loko, mmisiri wa ku Togo.

ZITHUNZI SIZIKHALA ZOMWEZO

Yankho lachiwiri nlakuti zoonetsedwa zisinthika. Chipinda chimene chinali ndi zithunzi za penti mu Januwale chingakhale cha mdima mu Ogasiti, muli kanema. Ngakhale pa bwalo la pakati lija, m'kati mwa njere ya chimanga, sipakhala chinthu chimodzi. Potsegula mu 2017 panalendewera chilombo chachikulu chamapiko chosokedwa ndi machubu a matayala ndi maliboni, nchito ya Nicholas Hlobo wa m'dziko lomwelino. Alendo ochokera kunja anachitcha chinjoka. Koma Mxhosa aliyense wa ku Masi akadawauza kuti ndi impundulu, mbalame ya mphezi imene kwao aiganizira kuti ndi mthenga wa afiti. Mmalawi wochiona akadapeza womfotokozera pa mpopi wa madzi pomwepo, kwa mnansi wake. Mu 2020 pa malo omwewo panapachikidwa nsalu yaikulu ya Abdoulaye Konaté wa ku Mali, amene ajambula ndi tizidutswa ta nsalu m'malo mwa penti, chinthu chimene telala aliyense wa pa khonde angachiyang'ane ndi diso la mwini nchito.

Mu September 2018 anatsegula chionetsero cha amisiri 29 a ku Zimbabwe chotchedwa Five Bhobh, mau amene anthu a ku Harare atchulira mtengo wa minibasi. Panali patapita miyezi khumi chichokere pa mpando Bambo Robert Mugabe, ndipo zithunzi zinali za dziko limene lili pa ulendo osadziwa kotsikira. Kuyambira August 2019 zipinda zambiri zinaperekedwa kwa munthu mmodzi, William Kentridge wa ku Johannesburg, wojambula ndi makala, amene afafaniza ndi kujambulanso pa pepala lomwelo kufikira zithunzi zake zitayenda ngati kanema.

Koma chionetsero chimene chinamveka kutali ndi cha November 2022, chotchedwa When We See Us, ndiko kunena kuti pamene tidziona tokha. Munali zithunzi pafupifupi 200 za zaka zana limodzi, zonse za anthu akuda ojambulidwa ndi anthu akuda, kuchokera kwa Chéri Samba wa ku Congo kufikira kwa mtsikana wa ku Soweto, Zandile Tshabalala. Osankha zithunzizo anasiya dala za nkhondo, njala ndi ukapolo, zimene dziko lazolowera kuona za Afirika, nasonkhanitsa za anthu akubvina, akupumula, akupemphera, akuluka tsitsi, akumwa tiyi pa khonde. Kusankha kotere kuli ndi mlandu wake, pakuti kubisa misozi sikuichotsa. Koma munthu wochokera ku mudzi umene nyuzipepala ziulemba pokhapokha kukabuka moto kapena chipolowe adziwa bwino chifukwa chake anatero. Chionetserochi chinakhala kufikira September 2023, ndipo pambuyo pake chinapita ku Basel mu 2024 ndi ku Brussels mu 2025. Anthu a ku Ulaya anachiona pambuyo pa a ku Cape Town, zimene sizichitika kawirikawiri.

MWANA WA KUMUDZI

Mwa amisiri amene nchito zao zinaonetsedwa potsegula nyumbayi munali Mmalawi, Bambo Samson Kambalu, wobadwa mu 1975, amene anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, nadzakhala mphunzitsi wamkulu wa za luso ku Oxford. Chionetsero chake chinatchedwa Wounded Negatives. Iye apanga timakanema tating'ono tosapitirira mphindi imodzi, timene atitcha Nyau Cinema. M'menemo aoneka iye mwini pa misewu ya mizinda ya kunja, akuchita zinthu zosayembekezeka, akuyenda chobwerera m'mbuyo kapena kubwereza chinthu chimodzi kosalekeza, chithunzi chili chothothoka ngati cha kanema wakale amene anali kuonetsedwa m'midzi ndi m'maholo a m'maboma.

Mlendo wa ku Germany kapena wa ku America aona timakanemati naseka, nayesa ndi nthabwala chabe. Munthu wa ku Dedza kapena ku Kasungu aona zina. Adziwa kuti chilombo chikatuluka ku dambwe sichifotokoza za ulendo wake. Chifika pa bwalo, chichita zake, fumbi likwera, chichoka, ndipo otsala amasulira okha. Pa chipinda chimenechi wogwira nchito ya m'munda aposa profesa, chifukwa chinenero cha chithunzicho ndi cha kwao.

Bambo Kambalu yemweyu ndiye anaumba chiboliboli cha Mbusa John Chilembwe chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London mu September 2022, nichikhalapo kufikira 2024. Anatsata chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe anaima ndi mmishoni John Chorley patsogolo pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, atabvala chipewa pa nthawi imene munthu wakuda sanali kuloledwa kubvala chipewa pamaso pa Mzungu. M'chibolibolicho Chilembwe ndi wamkulu kuposa Chorley. Amalawi ambiri anamva dzina la Kambalu chifukwa cha nkhani ya ku London imeneyi, osadziwa kuti zaka zisanu m'mbuyo mwake nchito zake zinali pa doko la Cape Town, ulendo wa sitima imodzi kuchokera ku Fish Hoek.

LACHITATU M'MAWA

Wina anganene kuti kapepala ka umembala nkosafunika, pakuti potsegula nyumbayi akuluakulu anaika lamulo lakuti mbadwa za maiko onse a mu Afirika zilowe ulere Lachitatu lililonse kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 1 koloko masana, ndi kuti ana osakwana zaka 18 asalipire tsiku lililonse. Lamuloli nlokoma ndipo liyenera kuyamikidwa. Koma amene analipanga akuoneka kuti sanafunse kumene munthu wa ku Masi akhala Lachitatu m'mawa. Pa 10 koloko ya tsiku limenelo bambo ali kudula kapinga ku Noordhoek, mai ali kusita malaya a eni nyumba ku Kommetjie, ndipo wa maganyu ali chiimire pa mseu kudikira galimoto yofuna anthu. Kujomba tsiku limodzi ndi kutaya malipiro a tsiku limodzi, kapena nchito yomwe. Maora atatu aulerewo athandiza ophunzira, okalamba ndi odzilamulira okha nthawi yao. Tsiku la munthu wolembedwa nchito ndi Lamulungu, akaweruka ku tchalitchi, ndipo pa tsiku limenelo khomo litseguka ndi ndalama kapena ndi kapepala ka membala.

Palinso china. Wolowa ulere Lachitatu ayenera kuonetsa chiphaso cha dziko lake, ndipo ku Masi chiphaso ndi chinthu chobvuta kuchisunga. Pa 17 December 2020 moto unabuka ku chigawo cha kudambo, kumene zisakasa za malata ndi matabwa zigundana, nutentha nyumba zoposa 1,000 pa tsiku limodzi, mphepo ya kumwera ikuukupiza. Moto wotere susankha: utenga mabulangete, mayunifolomu a ana, zithunzi za ukwati zopachika pa khoma, ndi mapasipoti omwe. Ndiponso alipo ena amene mapepala ao anatha mphamvu, ndipo munthu wotere sapita dala pa khomo pamene afunsa chiphaso. Anthu a m'mudzimu sanaiwale za May 2008, pamene alendo anathamangitsidwa m'madera ambiri a South Africa. Ku Masi atsogoleri a mudzi anapepesa poyera, nasonkhanitsa katundu wobedwa, naitana othawawo kuti abwerere. Chinali chinthu chaulemu chimene midzi yambiri sinachite, koma mantha a mlendo satha ndi kupepesa kumodzi.

Moto wa 2020 uja unadza miyezi iwiri chitsegulire chionetsero chachilendo koposa zonse za m'nyumbayi. Itatsekedwa miyezi isanu ndi iwiri chifukwa cha mliri wa Covid-19, nyumbayi inaitana anthu onse a mu Cape Town kuti abweretse zithunzi za m'nyumba zao, zojambula okha kapena zosunga, ndipo mu October 2020 inapachika pafupifupi 2,000. Za ana a sukulu, za agogo oluka, za amisiri otchuka ndi za ongoyesa zinakhala khoma limodzi, kuyambira pansi kufikira ku denga. Chionetserocho anachitcha Home Is Where the Art Is, kutanthauza kuti luso likhala kumene kuli kwao kwa munthu. Mwa zonse zimene nyumbayi yachita, ichi ndicho chinayandikira kwambiri kwa anthu wamba.

NYUMBAYI NJA YANI?

Funso limeneli linafunsidwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo silinali la nsanje. Nyumba ya luso la Afirika inali ndi dzina la Mjeremani, mmisiri wake anali Mngelezi, mkulu wake woyamba, Bambo Mark Coetzee, anali Mzungu wa ku South Africa, ndipo pamwamba pake pali hotela imene chipinda chake usiku umodzi chiposa malipiro a mwezi a wanchito wa m'nyumba. Bambo Coetzee anachoka mu 2018. Mu 2019 udindo unapatsidwa kwa Mai Koyo Kouoh, wobadwira ku Douala m'dziko la Cameroon mu 1967, amene anakulira ku Switzerland nakhazikitsa nyumba ya za luso ku Dakar mu 2008. Iwo ndiwo anasintha kayendetsedwe ka zipinda. M'malo moonetsa pang'ono pang'ono za anthu ambiri, anayamba kupatsa mmisiri mmodzi malo okwanira kuti nchito ya moyo wake wonse ioneke, monga anachitira ndi Otobong Nkanga wa ku Nigeria ndi Tracey Rose wa ku Durban. Kuitana zithunzi za anthu wamba kuja kunachitika m'nthawi yao, ndipo When We See Us anakonza ndi iwo pamodzi ndi Mai Tandazani Dhlakama a ku Zimbabwe. Mu December 2024 anasankhidwa kukonza chionetsero chachikulu cha ku Venice cha 2026, mkazi woyamba wa mu Afirika kupatsidwa nchito imeneyo, koma anamwalira pa 10 May 2025 ali ndi zaka 57.

Kusintha konseku munthu wa ulendo umodzi sakadakuona. Wolowa mu 2017 yekha anaona nyumba ina, wolowa mu 2023 anaona inanso, ndipo awiriwo akakumana angatsutsane mpaka dzuwa kulowa, onse akunena zoona.

Sichingakhale chilungamo kubisa kuti kapepalako kalimbana ndi zinthu zolemera kuposa iko. Ndalama yomweyo iyembekezedwa ndi mwini chisakasa pa kutha kwa mwezi, ndi amai kumudzi ofuna feteleza mvula isanagwe, ndi sukulu ya mphwake wa munthu ku Mzimba kapena ku Mangochi. Ndiponso kapepala kachotsa mtengo wa pa khomo pokha. Minibasi ndi sitima zilipiridwa ulendo uliwonse. Banja limene lasankha ufa m'malo mwa zithunzi lasankha bwino. Koma kwa kholo limene lili ndi ana a sukulu masamu atembenuka: ana salipira, kotero kapepala kamodzi ka mai kapena bambo katsegulira banja lonse khomo chaka chathunthu, ndipo pa doko lonselo malo ndi ochepa amene munthu angakhale ndi ana ake maora atatu pa mthunzi popanda womfunsa chimene agule.

Amene aona kuti doko latalika ali ndi nyumba ina pafupi. Mseu wa Ou Kaapse Weg, umene ukwera phiri kuchokera ku Sun Valley, utsikira ku Steenberg, kumene kuli Norval Foundation, yotsegulidwa mu April 2018 ndi banja la Bambo Louis Norval. Ndi yocheperapo, ndipo nayonso ili ndi mamembala ake. Mu 2019, pamene zojambula za Kentridge zinali ku doko, zosema zake zinali kuno. Kunja kwake kuli munda wa zosema wozungulira dambo, limene lisamalidwa chifukwa muswana mtundu wa chule wamawanga umene watsala pang'ono kutha pa dziko. Wosamalira minda ya eni ake sabata yonse angayende m'munda umenewu manja ali kumbuyo, naona yekha ngati amene anaudzala anaidziwa nchito.